Nkhokwe ndi yathu, nanga kiyi ali ndi ndani? Neno ndi mbiri ya osunga kaundula wa boma

Boma la Neno ndi limodzi mwa maboma aang'ono msinkhu m'dziko muno. Linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu opitirira pang'ono 138,000. Mukafunsa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu zimene amadziwa za Neno, akuuzani za manachesi, za mbatata ya kachewere ndi tirigu wa kumapiri, kenako aseka n'kutchula msewu wafumbi umene andale akhala akuulonjeza phula kampeni iliyonse. Ndi ochepa amene angatchule makompyuta. Komatu kwa zaka zoposa 15, zipatala za ku Neno zakhala zikusunga mbiri ya odwala pa kompyuta, ndipo zinayamba kutero maofesi ambiri a boma akadadalira mafayilo omanga ndi chingwe.

Masiku ano mabwana akamalankhula pa misonkhano ya m'mahotela, mawu akuti cloud sasowa pakamwa pawo. Akuti ntchito zonse za boma zikwera kumtambo. Ine chidwi changa sichili pa makina koma pa anthu amene akhala akutsogolera ntchitoyi: anachokera kuti, ankalipidwa ndi ndani, ndipo atachoka anasiya chiyani. Tikatsata mapazi awo, kuyambira ku Washington, kudzera ku Lilongwe mpaka ku Neno, tikupeza chinthu chimodzi chobwerezabwereza. Kaundula ndi wa boma, mayina amene alimo ndi athu, koma anthu odziwa kumutsekula ndi kumukonza nthawi zambiri sakhala antchito a boma.

Mtambo umene suli kumwamba

Tiyambe tamvana mawu. Seva ndi kompyuta yamphamvu imene imasunga zinthu n'kumatumikira makompyuta ena. Kale pulogalamu iliyonse yaikulu inkafuna seva yakeyake, ndipo seva zambiri zinkangodya magetsi pamene ntchito imene zikugwira ndi yochepa. Virtualization ndi luso logawa seva imodzi kuti izigwira ntchito ngati makompyuta ambiri osiyana. Taganizani za landilodi wa ku Ndirande amene wagawa nyumba yake yaikulu kukhala zipinda zisanu ndi chimodzi za lendi. Aliyense ali ndi chitseko chake ndi loko wake, saona za mnzake, koma denga ndi limodzi, mita ya magetsi ndi imodzi, ndipo mwini nyumba ndi mmodzi.

Lusoli si latsopano. Kampani ya IBM inkachita kale zimenezi pa makina ake akuluakulu m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1972 inatulutsa VM/370. Mu 1998 Diane Greene, Mendel Rosenblum ndi anzawo anayambitsa kampani ya VMware, imene inabweretsa lusoli pa makompyuta wamba. Mu 2006 Amazon inayamba kubwereketsa zipinda zoterezi kwa aliyense kudzera pa intaneti, munthu n'kumalipira molingana ndi mmene wagwiritsira ntchito. Umenewo ndiye mtambo. Si kumwamba ayi, ndi nyumba zenizeni zodzaza makina, zokhala ndi alonda, majenereta ndi zoziziritsira mpweya. Microsoft inatsegula nyumba zotere ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, ndipo Amazon inatsegula zake ku Cape Town mu 2020. Boma likati lakwera kumtambo, ndiye kuti lachita lendi kwinakwake, kapena lamanga mdadada wakewake n'kukhala landilodi wa maunduna ake.

Mnyamata wokulira ku Tanzania

Munthu amene anatchukitsa nkhani ya mtambo m'maboma anakulira kwa anansi athu. Vivek Kundra anabadwira ku India, anakulira ku Tanzania, ndipo anasamukira ku America ali ndi zaka 11. Anagwira ntchito m'boma la chigawo cha Virginia, kenako anakhala mkulu wa zamakompyuta mu mzinda wa Washington. Mu March 2009 Barack Obama anamusankha kukhala mkulu woyamba woyang'anira makompyuta a boma lonse la America. Anapeza kuti nthambi iliyonse ili ndi nyumba zake za maseva, zambiri zogwira ntchito mwatheka. Chakumapeto kwa 2010 analengeza lamulo lakuti nthambi ikafuna pulogalamu yatsopano iyambe yaganizira za mtambo isanagule makina ake. Mu 2011 Amazon inatsegula chigawo chapadera cha mtambo chosungira zinthu za boma la America lokha.

Chaka chomwecho Kundra anatula pansi udindo, anakakhala kanthawi ku yunivesite ya Harvard, ndipo mu 2012 analowa ntchito ku Salesforce, imodzi mwa makampani ogulitsa ntchito za mtambo. Ulendo woterewu ndi wofala kumeneko: munthu amalemba ndondomeko ali m'boma, kenako amakagwira ntchito kwa ogulitsa. Enanso amayenda mobwerera. Anthu amadandaula nazo, ndipo m'pomveka. Koma pali kusiyana kwakukulu ndi kwathu kuno. Kundra akuchoka ku boma kupita ku kampani, luso lake silinatuluke m'dziko, makina sanatuluke m'dziko, ndipo makhoti oweruza mkangano uliwonse ndi a dziko lomwelo. Kwathu kuno chitseko chimene akatswiri amatulukira chimaloza ku bwalo la ndege la Kamuzu.

Makina otayidwa, Lilongwe 2001

Mbiri ya kwathu ikuyambira m'chipatala. Gerry Douglas, katswiri wa makompyuta, anabwera ku Malawi ngati wodzipereka chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndipo anagwira ntchito ku Unduna wa Zaumoyo. Anaona mmene ziwerengero za odwala zinkasochera pakati pa kaundula wapepala ndi lipoti lopita ku likulu. Atakaphunzira ku yunivesite ya Pittsburgh anabwerera, nayambitsa bungwe la Baobab Health, ndipo mu 2001 anaika makompyuta oyamba ku wodi ya ana pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero timachitcha Kamuzu Central.

Makina ake anali ochititsa chidwi. Ku America kunali kachipangizo kotchedwa i-Opener, kopangidwira kuti anthu aziwerengera makalata a pa intaneti kunyumba. Malonda ake atagwa, tizipangizoti tinatsika mtengo. A Baobab anatigula, anatisintha, n'kuikapo galasi longodina ndi chala. Namwino kapena kalaliki amene sanagwirepo kompyuta ankatha kulemba wodwala popanda kiyibodi. Kamakina kena kankasindikiza kapepala komata kokhala ndi nambala ya wodwala, n'kukamata pa buku lake la kuchipatala. Popeza magetsi a ESCOM ndi odziwika khalidwe lawo, zonse zinkayendera mabatire akuluakulu. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, chiwerengero cha odwala ofunika kuwatsata mwezi ndi mwezi chinakula msanga, ndipo mu 2006 pulogalamu ya Baobab yotsata omwa mankhwalawa inayamba kugwira ntchito ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chofunika kwambiri chimene Baobab inasiya si makinawo koma anthu. Bungweli linalemba ntchito achinyamata a ku Malawi konkuno ndipo ndi iwo amene ankalemba mapulogalamu, kukwera nsanja kumanga netiweki yolumikiza zipatala, ndi kuyendetsa maseva. Mmodzi mwa iwo, Soyapi Mumba, anafika pokhala mmodzi wa akuluakulu a bungweli, ndipo mu 2017 anakaima pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha kufotokozera dziko lonse mmene anamangira zimenezi. Amenewa ndi ena mwa atsogoleri enieni a makompyuta a boma m'mbiri yathu. Koma taonani: ntchito inali ya zipatala za boma, odwala anali a boma, pamene malipiro ankachokera kwa opereka thandizo, makamaka boma la America kudzera ku CDC.

Neno, 2007

Pamene Neno inkakhala boma payokha, inalibe chipatala choyenera dzina la chipatala cha boma. Wodwala kwambiri ankayenera kutsika mapiri kupita ku Mwanza kapena ku Blantyre, ndipo nthawi ya dzinja ulendowo unali wa Mulungu yekha. Mu 2007 bungwe la Partners In Health, limene Paul Farmer ndi anzake anayambitsa mu 1987, linafika ku Neno poitanidwa ndi Unduna wa Zaumoyo. Kuno linatenga dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo. Mfundo yawo inali yosamanga zipatala zawozawo koma kulimbikitsa za boma. Anathandiza kumanga chipatala cha pa boma kumtunda, ndi china ku Lisungwi, kumunsi kotentha kuja kufupi ndi msewu wa M1 ndi wa ku Mwanza.

Anabweranso ndi pulogalamu. Dokotala wina wa bungweli, Hamish Fraser, anali atamanga kale mapulogalamu otsata odwala TB ku Peru ndi odwala Edzi kumidzi ya ku Haiti. Mu 2004 iye anagwirizana ndi Paul Biondich ndi Burke Mamlin a ku Regenstrief Institute ku Indiana, amene ankathandiza ntchito yofanana ku Eldoret m'dziko la Kenya. Anaona kuti aliyense akuvutika kumanga chinthu chimodzimodzi payekha, ndipo anayambitsa OpenMRS, pulogalamu yosunga mbiri ya odwala imene aliyense angaitenge kwaulere, kuwerenga mmene inalembedwera, ndi kuisintha mmene akufunira. Inayamba kugwira ntchito mu 2006 ku Kenya ndi ku Rwanda, ndipo posakhalitsa inafika ku Neno. Kumeneko inakumana ndi luso la Baobab: akatswiri a mabungwe awiriwa anayesa kulumikiza makompyuta odina ndi chala aja ndi nkhokwe ya OpenMRS pa chipatala cha Neno.

Mmene zinkayendera n'zosavuta kumva. Wodwala akabwera kudzatenga mankhwala, wachipatala ankalemba pa khadi lake. Kalaliki ankalowetsa zimenezo mu kompyuta. Pulogalamuyo inkatulutsa mndandanda wa amene tsiku lawo ladutsa osaoneka, ndipo mndandandawo unkapita kwa azaumoyo a m'midzi, amene ankakagogoda pakhomo kukafunsa chimene chavuta. Mwina mtsinje wadzaza, mwina kuli maliro, mwina munthu wagwa ulesi. Kwa womwa ma ARV, kusiyana kwa moyo ndi imfa nthawi zina kumagona pa dzina lake kutuluka pa mndandanda umenewo. Mu 2015 Neno inayamba kuona odwala HIV, BP, shuga, mphumu ndi khunyu pa kiliniki imodzi, ndipo njira yotsata anthu ija inayamba kuthandiza onsewo.

Kenako kunabwera mafoni. Cha m'ma 2019 azaumoyo a m'midzi ku Neno anayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni yotchedwa YendaNafe. Munthu amalemba za pakhomo limene wayendera ngakhale kulibe netiweki, ndipo foni ikafika pamene pali netiweki imatumiza zonse ku seva. Maziko a pulogalamuyi anachokera ku bungwe la Medic, limene nalonso linabadwira ku Malawi konkuno: mu 2008 Josh Nesbit, wophunzira wa ku Stanford, anafika pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete ndi mafoni wamba ndi laputopu imodzi kuti azaumoyo a m'midzi azitumiza mameseji ku chipatala.

Apa ndiye pamene mtambo umakhudza munthu wa kwa Dambe kapena ku Chifunga amene sanaonepo seva. Zimene wauza wazaumoyo pakhonde pake, za mimba yake, za chifuwa cha mwana wake, za mankhwala amene amamwa mobisa, zimachoka m'mudzimo n'kukakhala pa makina ena kwina.

Mlendo ndi kalumo, mlendo ndi mame

Makolo athu anasiya miyambi iwiri yokhudza mlendo imene imaoneka ngati ikutsutsana. Wina umati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wina umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mbiri imene tikukambayi ikuvomereza yonse iwiri.

Chitsanzo chooneka bwino ndi chiphaso cha unzika. Mu 2017, m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, pogwiritsa ntchito zikwama zokhala ndi kompyuta, kamera ndi kojambulira zala, zoyendera mphamvu ya dzuwa. Mlangizi wamkulu wa ntchitoyi kuchokera ku UNDP anali Tariq Malik, amene kale anali wapampando wa NADRA, bungwe la ziphaso la ku Pakistan. Kalumo kake kanali kakuthwa ndithu, ndipo ntchito inatheka. Mu 2021 anabwerera kwawo kukatsogoleranso NADRA. Palibe cholakwika chimene anachita pochoka. Anali mlendo, ndipo kwawo kunamufuna.

Ku zaumoyo nako kunachitika kusintha. Chakumapeto kwa 2019 ndalama za America zoyendetsera makompyuta a m'makiliniki a HIV zinachoka ku Baobab Health Trust n'kupita ku bungwe la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation. Ntchito inapitirira, koma tiyenera kuona bwino chimene chinachitika: amene aziyendetsa kaundula wa odwala a m'zipatala za boma la Malawi anasintha chifukwa cha mmene thandizo linagawidwira ndi mwini ndalama. Ndipo pa 20 January 2025, pamene Donald Trump anasaina chikalata choimitsa thandizo lakunja kwa masiku 90, aliyense wodziwa kumene malipiro a akatswiriwa amachokera anazindikira kuti siginecha imodzi ya ku Washington ingathe kugwedeza kiliniki ya ku Nsanje kapena ku Chitipa.

Ngakhale nkhokwe yaikulu ya ziwerengero za Unduna wa Zaumoyo, DHIS2, imene maboma onse kuphatikizapo Neno amatumizako malipoti a mwezi ndi mwezi, inapangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Dziko lino linasamukira pa pulogalamuyi cha m'ma 2012. Ubwino wake ndi wakuti nayonso ndi yotseguka, ndipo a ku Oslo anaphunzitsa Amalawi mpaka madigiri apamwamba, ena mwa iwo n'kubwerera kudzaphunzitsa ku Zomba. Uyu ndi mlendo amene anasiya kalumo n'kuphunzitsanso kunola.

Tsiku limene kiyi anasowa

Wina angafunse kuti, bola zinthu zikuyenda, zili ndi kanthu kuti woyendetsa ndi ndani? Mbiri yathu yayankha kale kawiri.

Koyamba ndi mu 2013. Boma linkalipira ndalama zake kudzera mu pulogalamu ya IFMIS, imene inaikidwa mu 2005. Pa 13 September 2013 mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pa geti la nyumba yake ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira dziko linadzidzimuka ndi nkhani ya ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Njira yake inali yakuti anthu okhala ndi mwayi wolowa mu pulogalamuyo ankalemba malipiro a ntchito zimene sizinagwiridwe, cheke chikatuluka n'kufufuta zolembazo. Cashgate timaikumbukira ngati nkhani ya umbava, ndipo inalidi yotero. Koma inalinso nkhani ya makiyi: ndani ali ndi mphamvu yolemba, ndani ali ndi mphamvu yofufuta, ndipo ndani akuyang'anira oyang'anirawo. Opereka thandizo anaimitsa ndalama zothandizira bajeti, ndipo amene anamva kuwawa anali odwala opeza mashelefu a mankhwala ali mbee.

Phunziro la pamenepa likutichenjeza ife amene timafulumira kunena kuti zonse zikhale m'manja mwa boma. Makiyi a IFMIS anali m'manja mwa Amalawi, antchito a boma. Kukhala ndi kiyi pakhomo sikokwanira ngati palibe dongosolo loona amene watsekula usiku.

Kachiwiri ndi mu 2024. Boma linapangana ndi kampani ya Techno Brain mu 2019 kuti iziyendetsa ntchito yosindikiza mapasipoti, pa mtengo wopitirira madola 60 miliyoni. Mu December 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, Thabo Chakaka Nyirenda, anathetsa mgwirizanowo. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima, ndipo mu February Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowerera makompyuta a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo. Kampani ija inakana kuti ikukhudzidwa. Chimene aliyense anaona ndi maso n'chakuti kwa masabata angapo dziko loima palokha silinkatha kupatsa nzika zake chiphaso choyendera. Achinyamata amene anapeza malo a sukulu kunja, amalonda a ku Joni ndi ku Dar es Salaam, odwala ofuna chithandizo ku India, onse anangoti kakasi pa mizere.

Nyumba tamanga

Mu July 2022 Pulezidenti Chakwera anatsegula National Data Centre ku Blantyre, nyumba ya maseva a boma yomangidwa ndi kampani ya Huawei ya ku China, imenenso inayala mawaya a intaneti a boma motsata mizere ya ESCOM. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse nayo inavomereza mu 2017 ndalama zokwana madola 72.4 miliyoni za ntchito ya Digital Malawi. Mu 2024 tinapeza lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa pa makompyuta, ndipo udindo wolitsata unaperekedwa ku MACRA. Zonsezi ndi zabwino. Boma likufuna kukhala landilodi wa mdadada wake m'malo moti unduna uliwonse uzisunga seva pansi pa tebulo la kalaliki.

Koma nyumba ya maseva imadya zinthu ziwiri tsiku lililonse: magetsi ndi luso. Za magetsi, anthu a ku Neno akudziwa bwino, popeza Nkula, kumene dziko lino lakhala likupanga magetsi pa mtsinje wa Shire kuyambira 1966, ili pakhomo pawo pamene midzi yambiri ya m'bomalo imagona mu mdima. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Za luso, nkhani ndi yovuta kuposa pamenepo. Munthu wodziwa kugawa seva, kusunga makope otetezeka, ndi kutsekereza akuba a pa intaneti amafunidwa ndi mabanki, makampani a mafoni, mabungwe akunja, ndiponso makampani a ku Ulaya amene angamulembe ntchito ali pa khonde lake ku Area 25. Malipiro a m'boma sangapikisane nawo, ndipo makwerero a ntchito za boma amakweza munthu pomuchotsa pa makina n'kumuika pa mpando wa misonkhano. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma ngakhale yogula wekha imachita dzimbiri ngati wodziwa kuigwira wapita kukadula mitengo ya eni.

Chimene Neno ikutiphunzitsa

Sindikunena kuti Neno ndi paradaiso. Ntchito yambiri ya kumeneko imadalirabe ndalama zosonkhedwa kunja, ndipo funso la tsiku limene ndalamazo zidzachepe silinachoke. Koma tikaika Neno pambali pa nkhani ya mapasipoti, tikuona kusiyana kutatu.

Koyamba, pulogalamu yake ndi yotseguka. Palibe kampani imene inganene kuti OpenMRS ndi yanga, mukandichotsa ndinyamuka nayo. Mmalawi aliyense wodziwa ntchito angaiphunzire, ngakhale wophunzira wa ku MUBAS kapena ku MUST ali m'chipinda chake chogona. Kachiwiri, alendo aja anakhalitsa. Kuyambira 2007 mpaka lero ndi nthawi yokwanira kuti kalaliki wolowetsa makhadi akule n'kukhala woyang'anira anzake, ndiponso kuti utsogoleri wa bungwelo ufike m'manja mwa Amalawi, monga zinachitikira pamene Dr Luckson Dullie analitsogolera. Ntchito ya zaka zitatu imasiya lipoti. Ya zaka makumi awiri imasiya anthu. Kachitatu, kompyuta inabwera kudzayankha funso limene wachipatala anali nalo kale, lakuti ndani sanabwere mwezi uno. Sinabwere chifukwa chakuti kwinakwake kunali ndalama zofunika kuthera pa makompyuta chaka chisanathe.

Anzanga amene mukuphunzira za makompyuta, mbiriyi ikukuuzani kumene ntchito zakhala zikupezeka, ndipo palibe amene angakudzudzuleni mukatsata malipiro abwino. Nonse muli ndi azibale oyang'ana kwa inu. Koma dziwani kuti kulikonse kumene mungakhale, ku bungwe, ku banki kapena ku unduna, mukagwira seva yosunga mayina a Amalawi mwagwira udindo wa boma, kaya boma likukulipirani kapena ayi. Lembani mmene mwamangira zinthu kuti wobwera pambuyo panu asadzayambire pachabe. Phunzitsani mnzanu wa m'boma amene mwamupeza pamalopo, ngakhale mgwirizano wanu sukutchula zimenezo.

Ndipo ife a zambiri yakale, zamalamulo, zachikhalidwe ndi zinenero tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya eni ake. Mavuto onse amene tatchula sanayambe chifukwa chakuti waya unaduka. Anayamba pa mgwirizano umene sunanene kuti kampani ikamachoka isiye chiyani, pa dongosolo limene linapatsa munthu mmodzi mphamvu yolemba ndi yofufuta, pa bajeti imene inagula makina koma osaika malipiro a wowasamala. Amenewa ndi mafunso a anthu owerenga zikalata ndi kufunsa zovuta. Mayi amene anatsogolera malonda a mtambo wa Amazon ku maboma kuyambira 2010, Teresa Carlson, anayamba ngati katswiri wothandiza anthu ovutika kulankhula, osati wolemba mapulogalamu. Ngati ogulitsa amadziwa kufunika kwa anthu otere, ogula nawonso ayenera kukhala nawo.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ngati wophunzira mbiri. Ku National Archives ku Zomba mungapeze makalata a ma DC a nthawi ya atsamunda, mapepala ofiira ndi ukalamba koma owerengekabe. Mbiri ya mmene dziko lino linalimbanirana ndi Edzi, mudzi ndi mudzi, munthu ndi munthu, yambiri ili pa maseva. Seva siikhala zaka 80 pa shelefu. Imafuna wina woilipirira magetsi, woisamutsira pa makina atsopano, wokumbukira mawu achinsinsi. Tikapanda kusamala, zidzukulu zathu zidzadziwa zambiri za Neno ya 1930 kuposa za Neno ya 2015.

Choncho nduna kapena mkulu wina akadzaimanso pa nsanja kulengeza kuti ntchito yakutiyakuti yakwera kumtambo, tisamangoomba m'manja. Timufunse kuti makinawo ali mu mzinda uti ndipo akugwa pansi pa malamulo a dziko liti. Timufunse kuti ndani akulipira lendi, ndipo kwa zaka zingati. Timufunse kuti mgwirizano ukadzatha, ndi antchito angati a boma amene angatsekule nkhokweyo m'mawa mwake popanda kuimbira foni munthu wa kunja. Mayi wa ku Ligowe amene anauza wazaumoyo zinsinsi zake sadzapezeka pa msonkhanowo, ndipo mafunso amenewa ndi ake.